Momwe Kerala inasamutsira sukulu zake zaboma ku GNU/Linux: ntchito, zida ndi zovuta zake

Mu Malichi 2008, ophunzira a kalasi 10 m'chigawo cha Kerala, kummwera chakumadzulo kwa India, analemba mayeso a kompyuta ochita ndi manja pa makina oyendera GNU/Linux okhaokha. GNU/Linux, yomwe ambiri amangoti Linux, ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga momwe Windows imachitira. Mayesowa ndi mbali ya SSLC, mayeso a boma otsekera zaka khumi za sukulu, omwe chaka chilichonse amalembedwa ndi ana oposa 400,000. Kuchokera pamenepo, sukulu zaboma ndi zothandizidwa ndi boma ku Kerala zakhala zikuphunzitsa kompyuta ndi mapulogalamu otseguka, kutanthauza mapulogalamu omwe chilolezo chake chimalola aliyense kuwagwiritsa ntchito, kuwakopera, kuona momwe analembedwera, kuwasintha ndi kuwagawira ena.

Anthu akamakamba za Kerala amathamangira ku ndalama za malaisensi zomwe boma silinalipire. Ndalamazo n'zoona, koma si zomwe zinachititsa kuti ntchitoyi ikhalitse. Madera ambiri anaikapo Linux pa makompyuta a sukulu, patapita zaka ziwiri n'kupeza kuti makina onse abwerera ku Windows yokopera. Ku Kerala dipatimenti ya maphunziro inakonza mtundu umodzi wa GNU/Linux wa sukulu zonse, kenaka inaukhazika pa mafuwa atatu: buku la ophunzira, mayeso a boma, ndi mphunzitsi wophunzitsidwa ndi mphunzitsi mnzake. Lipotili likutsata momwe zinayendera, momwe makina otere amakonzedwera, ndi malo omwe ntchito imakonda kuthyokera.

Poyambira pake

Kerala ili ndi anthu oposa 33 miliyoni ndipo inagawidwa m'maboma 14. Pulojekiti ya IT@School inayamba mu 2001 pansi pa dipatimenti ya maphunziro, ndipo mu 2003 phunziro la kompyuta linakhala lokakamiza kuyambira kalasi 8. Mabuku oyamba komanso maphunziro oyamba a aphunzitsi anatsamira pa Windows ndi Microsoft Office. Makompyuta enieniwo ankagulidwa mosiyanasiyana: ena ndi ndalama za makomiti a makolo ndi aphunzitsi, ena ndi makhonsolo, ena ndi thumba la chitukuko la aphungu. Sukulu yogula makina mwa njira imeneyi, ikauzidwa kuti buku likufuna pulogalamu yogulitsidwa, imatsala ndi njira ziwiri: kuchepetsa makompyuta kuti ndalama ya laisensi ipezeke, kapena kukopera mwachinyengo.

Amene anadandaula koyamba mwamphamvu anali aphunzitsi eni ake, kudzera m'bungwe lawo la Kerala School Teachers' Association, mogwirizana ndi Free Software Foundation of India, yomwe inatsegulidwa mu 2001 mumzinda wa Thiruvananthapuram, Richard Stallman, woyambitsa ntchito ya GNU, ali pomwepo. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: buku losindikizidwa ndi msonkho wa anthu lisakhale chida chotsatsira malonda a kampani imodzi, ndipo mwana asaphunzitsidwe chinthu chomwe lamulo likumuletsa kupita nacho kunyumba. Pofika 2005, IT@School inali ndi GNU/Linux yakeyake yozikidwa pa Debian (umodzi mwa mitundu ya GNU/Linux), yokonzedwa mothandizana ndi bungwe la SPACE ndi Free Software Foundation of India. Mu 2006 boma la V. S. Achuthanandan, nduna ya maphunziro ili M. A. Baby, linalengeza kuti sukulu za sekondale zisamukira kwathunthu ku mapulogalamu otseguka.

Sanasamutse makalasi onse tsiku limodzi. Anayamba ndi kalasi 8, kenaka 9, pomaliza 10, motsatira gulu limodzi la ana pamene likukwera. Izi zinapatsa mpata olemba mabuku kulemba buku limodzi pa chaka, komanso zinathandiza kuti ana asaphunzire pa pulogalamu ina n'kukayesedwa pa ina. Mayeso a 2008 ndiwo anakhoma msomali wotsiriza. Mphunzitsi wamkulu akhoza kunyalanyaza kalata ya ku likulu, koma sangalole ana ake kukalowa m'chipinda cha mayeso asanaonepo pulogalamu yomwe akayesedwerepo.

ISO imodzi ya sukulu zonse

Mtima wa ntchitoyi ndi fayilo imodzi ya ISO, yomwe amaikira mapulogalamu pa kompyuta. Fayiloyi ili ndi zonse: GNU/Linux yeniyeniyo, mapulogalamu a maphunziro onse, zilembo za Chimalayalam (chilankhulo cha ku Kerala), ndi ma-driver (mapulogalamu oyendetsa zida monga pulinta) a zida zofala m'sukulu. Patapita nthawi anachoka pa Debian n'kuzika ntchitoyi pa Ubuntu, mtundu wina wa GNU/Linux, ndipo manambala a mitundu yake amatsata Ubuntu LTS (Ubuntu yosamalidwa nthawi yaitali), monga 18.04, 20.04 ndi 22.04. Ubuntu LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse ndipo imalandira zokonza zachitetezo kwa zaka zisanu. Kutsamira pamenepo kumatanthauza kuti gulu la ku Kerala silisamalira kernel (phata la Linux) kapena ma-driver lokha. Ntchito yake ndi kusankha mapulogalamu, kuwayesa, ndi kuwagwirizanitsa ndi silabasi.

M'kati mwake muli LibreOffice yolembera ndi kuwerengera, GeoGebra ya masamu, zoyeserera za PhET za fizikisi ndi kemisitiri, Kalzium ya ma-element, Stellarium ya nyenyezi, Marble ndi QGIS za mapu, GIMP, Inkscape ndi Krita za zithunzi, Audacity ya mawu, Kdenlive ya makanema, Blender, Scratch ndi Python zophunzirira kulemba mapulogalamu, komanso GCompris ndi Tux Paint za ana aang'ono. Mphunzitsi wa jogalafe amene akufuna kuonetsa chifukwa chake usana umatalika miyezi ina amatsegula Stellarium, n'kuika malo ndi tsiku, ana n'kuona dzuwa likuyenda. Safunika intaneti, safunika kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Ubwino woika zonse mu ISO imodzi ndi uwiri. Woyamba, sukulu yopanda intaneti yodalirika imamaliza kuika zonse kuchokera pa fulashi, osatsitsa kanthu. Wachiwiri, chithunzi cha sikirini chomwe chili m'buku chimafanana ndendende ndi chomwe mwana akuona pa makina, kaya ali ku Kasaragod kumpoto kapena ku Thiruvananthapuram kummwera. Mphunzitsi akaimba foni kudandaula, womuthandiza amadziwiratu zomwe zili pa makinawo. Ichi chimaoneka chaching'ono, koma ndicho chimachepetsa ntchito yothandiza sukulu zikwizikwi kufika poti anthu ochepa angaikwanitse. Pamene sukulu iliyonse yaika Linux ya kukonda kwake, wina Mint, wina Fedora, wina Ubuntu ya zaka zisanu zapitazo, palibe buku kapena maphunziro omwe angakwanire onse.

Chilankhulo nachonso chinafuna ntchito. Chimalayalam chili ndi zilembo zambiri zolumikizana, zomwe zimaoneka zothyokathyoka ngati font ndi pulogalamu yozijambula sizinakonzedwe bwino. Gulu la anthu odzipereka la Swathanthra Malayalam Computing ndilo lasamalira ma-font monga Rachana, Meera ndi Manjari, komanso njira zotayipira. Popeza zonsezi n'zotseguka, boma linangozitenga n'kuziika mu ISO popanda kudikira kampani yakunja kuti ione ngati msika wa Chimalayalam ndi wopindulitsa. Chichewa sichivuta motero chifukwa zilembo zake n'za Chilatini. Ngakhale ŵ amatuluka pa GNU/Linux mukayatsa batani la Compose, n'kudina Compose, kenaka ^, kenaka w.

Kuika ISO yotere pa makina a sukulu

Ndondomeko ili m'munsiyi ikugwira ntchito pa ISO iliyonse yozikidwa pa Ubuntu, kaya ya Kerala kapena yomwe unduna wina ungakonze.

Musanakhudze makina alionse, lembani kaundula: mtundu wa purosesa, kuchuluka kwa RAM, kukula kwa hadi disiki, mtundu wa kadi ya WiFi, ndi pulinta ndi pulojekita zomwe zilipo. Pa makina omwe mwawadzutsa ndi fulashi, malamulo a lscpu, free -h, lsblk ndi lspci amakupatsani zonsezi pa mphindi ziwiri. Purosesa ya 32-bit yokha siingalandire Ubuntu ya masiku ano. Mitundu yopepuka ya 18.04, monga Lubuntu ndi Xubuntu, ndiyo inali ya LTS yomaliza kutuluka ya makina otere. RAM ya 4 GB ndiyo poyambira pabwino pa ntchito ya m'kalasi. Ya 2 GB imayenda ndi desktop yopepuka monga Xfce kapena LXQt, koma mwana akatsegula GeoGebra ndi Firefox nthawi imodzi makina amayamba kukwawa. Blender ndi Kdenlive zimafuna 8 GB. Ngati pali ndalama yochepa yokonzera makina akale, SSD ya 120 GB kapena 240 GB m'malo mwa hadi disiki yozungulira imasintha liwiro kuposa china chilichonse.

ISO yodzaza mapulogalamu imakula kuposa 4 GB, ndipo apa pali msampha woyamba. Fulashi ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho woikopera kuti akapatse sukulu ina amalephera kapena amanyamula yoduka. Gwiritsani ntchito fulashi ya 16 GB ya exFAT ponyamula fayiloyo, ndipo mukafika yerekezani nambala ya sha256sum (yotsimikizira kuti fayilo sinasinthe) ndi ya komwe yachokera. ISO yowonongeka imadzutsa makina bwinobwino, n'kudzafera pakati pa ntchito yoika, munthu n'kumaganiza kuti vuto ndi hadi disiki. Fulashi yodzutsira makina imakonzedwa ndi Startup Disk Creator kapena Ventoy.

Mu BIOS, menyu ya makina yomwe mumalowa kompyuta ikangoyatsidwa, onani zinthu zitatu. Tsiku ndi nthawi zikhale zolondola. Disiki ikhale pa AHCI, chifukwa ikakhala pa RAID kapena Intel RST pulogalamu yoika Ubuntu siiona disikiyo. Secure Boot imayenda ndi Ubuntu yeniyeni, koma ISO yosinthidwa kapena driver woonjezera akhoza kukanidwa, ndipo pa makina a labu n'kosavuta kungoizimitsa. Mukatero yesani kaye makinawo kuchokera pa fulashi osaika kanthu: WiFi, mawu, pulojekita, pulinta. Chomwe chakana apa chidzakananso mukaika.

Pogawa disiki, patulani gawo la / (momwe mumakhala mapulogalamu) la 50 mpaka 60 GB, gawo la EFI la 512 MB pa makina a UEFI, ndipo zotsalazo zikhale /home, mosungira mafayilo a anthu. Phindu lake limaoneka patapita zaka ziwiri: mtundu watsopano ukabwera mumafufuta / yokha, ntchito za aphunzitsi ndi ana zili mu /home osakhudzidwa. Pangani maakaunti awiri, ya woyang'anira yokhala ndi mphamvu za sudo (zoika mapulogalamu ndi kusintha makina) ndi ya ophunzira yopanda mphamvuzo. Mawu achinsinsi a woyang'anira adziwike kwa aphunzitsi awiri, ndipo alembedwe n'kusungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Labu zambiri zimafa tsiku lomwe mphunzitsi mmodzi wodziwa mawuwo wasamutsidwa.

Makina akakhala ofanana, musaike limodzilimodzi. Konzani kompyuta imodzi mpaka zonse zili m'malo, ijambuleni ndi Clonezilla pa disiki yakunja, n'kutsanulira chithunzicho pa zotsalazo. Mukatero sinthani dzina la kompyuta iliyonse ndipo mupange machine-id (nambala yozindikiritsa kompyutayo) yatsopano, apo ayi rauta ikhoza kupatsa makompyuta angapo adiresi imodzi ndipo netiweki imadukaduka popanda chifukwa chooneka. Ngati sukulu ili ndi intaneti yolipira pa bandulo, ikani apt-cacher-ng pa kompyuta imodzi kuti zokonza zitsitsidwe kamodzi, zinazo zizitenga pamenepo. Veyon kapena Epoptes zimalola mphunzitsi kuona masikirini a ana onse ndi kuwaonetsa yake.

Zomwe zimawonongeka, ndi chifukwa chake

Pulinta ndiyo imakwiyitsa anthu kwambiri. Mapulinta ambiri a HP amayenda ndi HPLIP, ma-driver a HP a pa Linux, koma ena a laser otsika mtengo amafuna kachidutswa koonjezera komwe kamatsitsidwa pa intaneti. Mitundu ina yotsika mtengo ya makampani ena ilibe driver wa Linux wodalirika. Mankhwala ake ali pogula, osati pokonza: pulinta isagulidwe isanayesedwe pa ISO ya sukulu. Chimodzimodzi makadi a WiFi. A Intel amayenda okha, pamene ena a Broadcom ndi Realtek amafuna driver wapadera, ndipo popanda intaneti simungamutsitse. Khalani ndi chingwe cha netiweki, kapena lumikizani foni pa USB kuti ipereke intaneti kwa mphindi zochepazo.

Pa makompyuta akale a pa desiki, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard kakatha, wotchi imabwerera zaka zambiri m'mbuyo nthawi iliyonse magetsi akazima. Zikatero masamba a https amakana kutseguka ndipo apt, pulogalamu yotsitsa zokonza, imazikana, chifukwa masatifiketi amaoneka ngati nthawi yake sinakwane. Aphunzitsi amati intaneti yafa kapena Linux yawonongeka, chonsecho vuto ndi kabatire kotsika mtengo. Labu iliyonse isunge tingapo.

Pulojekita ikalumikizidwa, nthawi zambiri makina amaitenga ngati sikirini yachiwiri yopitiriza yoyamba, ndiye pakhoma pamaoneka chithunzi chopanda kanthu pamene mphunzitsi akuona phunziro pa laputopu. Pamafunika kusankha kuti masikirini awiriwo azionetsa zofanana. Chingwe cha HDMI chimathanso kulanda mawu n'kuwapititsa ku pulojekita, masipika n'kukhala chete. Zinthu ziwirizi zimatenga mphindi zisanu kuphunzitsa, koma mphunzitsi amene zamuchititsa manyazi pamaso pa ana makumi asanu sabwereranso ku pulojekita. N'chifukwa chake ziyenera kukhala pa tsiku loyamba la maphunziro a aphunzitsi, zisanabwere za GeoGebra.

Mafayilo ochokera ku maofesi ogwiritsa ntchito Microsoft Office amasokonekera mizere ndi matebulo mu LibreOffice, makamaka chifukwa cha ma-font osowa. Carlito ali ndi miyeso yofanana ndi Calibri, Caladea ndi Cambria, ndipo ma-font a Liberation amalowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Akaikidwa mu ISO, madandaulo ambiri amatha. Otsalawo amatha pokhapokha likulu lenilenilo litayamba kutumiza makalata mu ODF (mtundu wa mafayilo womwe LibreOffice imagwiritsa ntchito) kapena PDF.

Magetsi ndiwo amapha makina ambiri kuposa pulogalamu iliyonse. Kompyuta ya pa desiki ndi sikirini yake imadya pafupifupi mawati 100 mpaka 150, choncho makompyuta 20 amafuna mawati 2,000 mpaka 3,000 ndi UPS yaikulu (chida chopereka magetsi akazima), yomwe mabatire ake amatha m'zaka zochepa ndipo kawirikawiri palibe bajeti yowasinthira. Malaputopu 20 a mawati 45 amathera pa mawati 900, ndipo iliyonse ili ndi batire lake. Magetsi akazima mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda UPS, nthawi zina imadzuka ndi sikirini yakuda yolembedwa initramfs. Si imfa ya makina: lamulo la fsck -y pa gawo lomwe latchulidwa pa sikirinipo, kenaka reboot, limaibweza. Mphunzitsi woyang'anira labu akhale nalo lolembedwa pakhoma.

Mphunzitsi kuphunzitsa mphunzitsi mnzake

Apa ndi pomwe Kerala inasiyana kwambiri ndi ena. Sinalembe kampani yoti izidzaphunzitsa kompyuta m'sukulu. Inasankha aphunzitsi a m'kalasi, a masamu, a sayansi, a zilankhulo, n'kuwapatula kuti akhale ophunzitsa anzawo m'boma lililonse. Pa sukulu iliyonse panasankhidwanso mphunzitsi mmodzi woyang'anira za kompyuta, amene amamutcha SITC. Vuto likabuka limayambira kwa iye, likamukanika limapita kwa wophunzitsa wa dera lake, kenaka ku ofesi ya pulojekiti ya m'bomalo. Maphunziro aakulu amachitika pa tchuthi chachitali cha Epulo ndi Meyi, sukulu zisanatsegulidwe mu Juni.

Katswiri wa kompyuta amaphunzitsa mabatani. Mphunzitsi wa masamu amene wakhala zaka akulimbana ndi ana osamvetsa ngodya za m'bwalo amaonetsa mnzake momwe angakokere kadontho mu GeoGebra kuti ana aone okha kuti ngodyayo siikusintha. Chachiwirichi ndicho chimalowa m'kalasi. Chifukwa cha njira imeneyi, kompyuta inachoka pa kukhala phunziro lapadera la mu labu n'kukhala chida chophunzitsira maphunziro ena onse, ndipo maphunziro a aphunzitsi anayamba kugawidwa potengera phunziro lomwe munthu amaphunzitsa.

Pa zokonza makina, pulojekiti inkachititsa misasa yomwe sukulu zimabweretsa makompyuta akufa pamalo amodzi, amisiri n'kuwakonza aphunzitsi akuonerera ndi kuthandiza. Njira imeneyi imatsitsa mtengo chifukwa zida zosinthira zimagulidwa zambiri nthawi imodzi, ndipo pa makompyuta atatu akufa pamatha kutuluka awiri amoyo.

Mu Januwale 2018 anakhazikitsa makalabu a ophunzira otchedwa Little KITEs. Ana amasankhidwa ndi mayeso ali mu kalasi 8, kalabu iliyonse imayang'aniridwa ndi aphunzitsi awiri, ndipo amaphunzira kupanga makatuni, kulemba mapulogalamu, zamagetsi, maloboti a Arduino, kutayipa Chimalayalam, kukonza makina ndi kudziteteza pa intaneti. Makalabuwa ali m'sukulu pafupifupi 2,000 ndipo mamembala ake amaposa 100,000. Kupatula zomwe anawo amapindula, sukulu imakhala ndi gulu la anthu odziwa kulumikiza pulojekita ndi kuika ISO, omwe amapezeka tsiku lililonse. Izi zimatheka chifukwa palibe choletsa mwana kutsegula makina, kukopera fulashi ndi kukaika kunyumba.

KITE ndi makalasi 45,000

Mu 2017 IT@School inasandulika kampani ya boma yosapanga phindu yotchedwa Kerala Infrastructure and Technology for Education, mwachidule KITE, mkulu wake ali K. Anvar Sadath. Kusinthaku kunaipatsa mphamvu yolandira ndalama zazikulu ndi kugula zida m'malo mwa sukulu zonse. Ndi ndalama za thumba la zomangamanga la KIIFB, makalasi pafupifupi 45,000 a kalasi 8 mpaka 12 m'sukulu 4,752 analandira laputopu, pulojekita ndi masipika, kenaka sukulu za pulayimale zinalandira malabu. Sukulu zinayenera kukonza kaye zipinda zake, monga magetsi, denga ndi chitetezo, zida zisanafike.

Kugulira pamodzi kunachotsa mavuto ambiri omwe tawafotokoza pamwambapa. Wogulitsa malaputopu zikwi makumi angapo amavomera kuti makinawo abwere ali kale ndi ISO ya boma, kuti WiFi ndi zina zonse ziyende pa iyo, ndiponso kuti apereke waranti ya zaka zisanu. Madandaulo amalembetsedwa pa tsamba la intaneti kapena pa foni, ndipo amatsatidwa kuchokera ku likulu. Sukulu yogula malaputopu asanu payokha ilibe mphamvu yotero pa wogulitsa.

Mapulogalamu oyendetsera maphunziro nawonso anamangidwa pa zotseguka. Sampoorna, kaundula wa ophunzira onse, inazikidwa pa Fedena. SchoolWiki, pomwe sukulu iliyonse ili ndi tsamba lake lolembedwa ndi ana ndi aphunzitsi, imayendera MediaWiki, pulogalamu yomwenso imayendetsa Wikipedia. Samagra imasunga zithunzi, makanema ndi mapulani a maphunziro osanjidwa motsata mutu uliwonse wa silabasi.

Mu 2019 KITE inati yapulumutsa marupi 30 biliyoni, powerengera makompyuta 200,000 pa marupi 150,000 iliyonse. Nambalayi iyenera kumvedwa bwino. Ikuyerekeza kuti boma likanagulira kompyuta iliyonse pulogalamu yogulitsidwa yofanana ndi iliyonse ya mu ISO, yojambulira, ya makanema, ya mapu, zonse pa mtengo wa pamsika. Palibe boma lomwe likanachita zimenezo. Likanagula Windows ndi Office basi, pa mtengo wotsitsidwa wa sukulu. Phindu lenileni ndi lakuti mwana wa msodzi ku Alappuzha ali ndi zida zojambulira, zopangira makanema ndi zamapu zomwe sukulu yake sikanaziona n'komwe. Ndipo ndalama zina zinangosamuka: zomwe sizinapite ku malaisensi zinapita ku maphunziro a aphunzitsi, kulemba mabuku ndi kusamalira ISO. Boma lomwe likufuna kusamuka kuti lisawononge kalikonse lidzalephera.

Pomwe pali pofooka

Mliri wa COVID-19 unaonetsa malire a ntchitoyi. Pa 1 Juni 2020 KITE inayamba kuulutsa maphunziro otchedwa First Bell pa wailesi yake ya kanema ya VICTERS, yomwe inalipo kuyambira 2005, ndipo izi zinathandiza kwambiri. Koma pofuna makalasi oti mphunzitsi ndi ana azilankhulana pa intaneti, mu 2021 inatenga G Suite ya Google. Olimbikitsa mapulogalamu otseguka ku Kerala anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Zida zotseguka zinalipo, monga Moodle, BigBlueButton ndi Jitsi, koma kuziyendetsera ana mamiliyoni nthawi imodzi kumafuna maseva ambiri ndi amisiri owasamalira usana ndi usiku. Pulogalamu ya pa laputopu mumaikopera kwaulere kangati konse, pamene seva ili ndi mtengo pa mwana aliyense woonjezera. Dera lomwe lapambana pa makina a m'kalasi likhoza kugwidwabe ndi kampani imodzi kudzera m'maakaunti a ana ndi mafayilo awo, ndipo nkhani ya komwe zinsinsi za ana zikusungidwa ndi yaikulu kuposa ya laisensi.

Chofooka chachiwiri chili m'mphamvu yomwe ija. Buku likamangiriridwa kwambiri ku mtundu umodzi wa pulogalamu, mphunzitsi wotopa amaphunzitsa ana kuloweza njira ya mabatani, ndipo mayeso ochita ndi manja akhoza kupereka mamalikisi pa kuloweza komweko. Mwana wotero amasowa chochita akakumana ndi pulogalamu ina, kaya Excel kapena LibreOffice yatsopano. Apa ndi pomwe dandaulo la makolo loti kuntchito kuli Windows limapeza mphamvu. Yankho lake lili m'kalembedwe ka mafunso: funso lifune kuti mwana apeze avereji ya mamalikisi ndi kujambula girafu, osati atchule dzina la menyu. Amene wamvetsa selo, fomula ndi girafu amazolowera Excel pa masiku ochepa.

Chachitatu ndi kudalira bungwe limodzi ndi chifuniro cha andale. Chigawo cha Extremadura ku Spain chinatulutsa GNU/Linux yakeyake yotchedwa gnuLinEx mu 2002, Kerala isanasamuke, n'kuiika pa makompyuta zikwi makumi angapo m'sukulu, koma patapita zaka pafupifupi khumi boma la chigawocho linasiya kuisamalira palokha. Ku Kerala maboma a mbali zonse ziwiri za ndale asinthana mpando kuyambira 2001 ntchito osaima, makamaka chifukwa inali italowa kale m'mabuku, m'mayeso ndi m'manja mwa aphunzitsi, moti kuibweza kukanakhala kodula kuposa kuipitiriza.

Ku Malawi, komwe Computer Studies imalembedwa pa MSCE, zigawo za ntchitoyi zili m'manja osiyana: silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso ali ndi MANEB, ndipo makompyuta ambiri a m'sukulu amabwera ngati mphatso, a mitundu ndi zaka zosiyana. Sukulu imodzi ingathe kuchita zonse za m'gawo la kuika ndi kukonza makina: kulemba kaundula, kusankha Ubuntu LTS imodzi yopepuka, kuonjezera GeoGebra, PhET, Stellarium ndi Kiwix yowerengera Wikipedia popanda intaneti, kuphunzitsa aphunzitsi awiri ndi kalabu ya ana. Isanafufute Windows pa makina omwe a Fomu 4 amakonzekerera mayeso, iyenera kuona mapepala a mayeso a zaka zapitazo ndi malangizo a mayeso ochita ndi manja, kuti idziwe pulogalamu yomwe ana adzakumane nayo. Ngati mayesowo akufuna pulogalamu ya Microsoft, makina amenewo akhale ndi zonse ziwiri, Windows iikidwe poyamba ndipo GNU/Linux pambuyo kuti GRUB, menyu yosankhira Windows kapena GNU/Linux, izionetsa zonse podzuka, ndipo makina ena onse a sukulu asamuke.